Zigoli 18 m'masewero 145, kenako 38 m'sizoni imodzi: lipoti la wosewera kutsogolo wa timu ya Buffalo

Lipotili likunena za wosewera kutsogolo mmodzi wa hockey ya pa ayezi mu NHL, ligi yaikulu ya matimu a ku United States ndi Canada. Ndalilembera aphunzitsi anzanga amene ntchito yawo ndi kulera ndi kukulitsa osewera, kaya ndi a masewera anji. Dzina la wosewerayo ndi mayina a aphunzitsi ake ndawasiya. Matimu, mizinda, zaka ndi ziwerengero ndazilemba mmene zilili m'kaundula wa ligi, pomwe zonena za kaseweredwe kake ndi maganizo anga nditaonera makanema a masewero ake.

Pa masizoni anayi oyamba mu NHL, mnyamatayu anamwetsa zigoli 18 m'masewero 145. M'sizoni yachisanu, ya 2021-22, anamwetsa 38 m'masewero 78, ali ndi zaka 24, mu timu yomweyo imene ochemerera ake ambiri anali atataya naye mtima. Anthu akamafotokoza nkhaniyi amangoti anamuchotsa m'mbali n'kumuika pakati. N'zoona ndithu. Koma mphunzitsi amene angatolepo zokhazo adzapita kukasinthanitsa osewera ake malo, n'kumadikira zipatso zimene sizidzabwera.

Bwalo ndi mizere

Bwalo la NHL ndi la mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, lozunguliridwa ndi khoma. M'malo mwa mpira pali puck, kachimbale kolimba ka mphira kamene amakayendetsa ndi ndodo. Timu imakhala ndi goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi osewera kutsogolo atatu: wapakati mmodzi ndi am'mbali awiri. Liwiro lake n'lotopetsa moti wosewera sakwanitsa mphindi imodzi pa ayezi asanapite pa benchi kuti mnzake alowe. N'chifukwa chake osewera kutsogolo amagawidwa m'mizere inayi. Mzere woyamba umasewera mphindi zoyandikira 20 pa mphindi 60 za masewero, ndipo ntchito yake ndi kugoletsa. Mzere wachinayi umapeza mwina theka la nthawi imeneyo, ndipo chimene amauuza n'chakuti usalakwitse: ponya puck kutsogolo, panikiza mdani kukhoma, tuluka. Pointi ya wosewera ndi chigoli kapena pasi imene yabala chigoli.

Kumene anachokera

Anabadwa mu Okutobala 1997 ku Phoenix, Arizona. Bambo ake anasewerapo mu NHL, kenako anakhala mphunzitsi, ndipo banja linkasamuka kutsata ntchito yawo. Mnyamatayu ndi wa masentimita 198, wamtali ngakhale pakati pa zimphona za ligiyi, ndipo amawombera kumanja. M'sizoni ya 2014-15 anali mu pulogalamu ya dziko lake yokulitsa osewera achinyamata ku Michigan. Amene ankamuphunzitsa kumeneko abweranso m'nkhaniyi mu 2021.

Chizindikiro choyamba chinaoneka ku University of Connecticut m'sizoni ya 2015-16. Anamwetsa zigoli 14, ndipo 13 mwa izo zinali za power play, nthawi imene adani aperewera munthu chifukwa mmodzi wa iwo ali pa chilango. Chiwerengerochi munthu angachimve pawiri. Wokayika anganene kuti mwanayu amagoletsa pokhapokha bwalo litapepuka, ndipo osewera akakwana mbali zonse amasowa. Ine ndimamva kuti shoti yake inali kale ya akuluakulu, ndipo chimene chinatsala chinali kupeza njira yomupatsira danga ngati lomwelo osewera ali asanu kwa asanu. Zaka zisanu zotsatira zinathera pa kumva koyambako.

Timu ya St. Louis Blues inamusankha pa nambala 26 pa draft ya 2016, mwambo wapachaka umene matimu a NHL amasankhirapo osewera achinyamata mosinthana. M'sizoni ya 2017-18 anaisewerera masewero 41 n'kumwetsa zigoli 3. Pa 1 Julayi 2018 anatumizidwa ku Buffalo Sabres limodzi ndi osewera awiri achikulire komanso mwayi wosankha pa ma draft awiri, posinthana ndi katswiri wapakati wa Buffalo. Katswiriyo atafika ku St. Louis anatenga Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, mu Juni 2019, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'masewero a chipulula a chaka chimenecho. Ku Buffalo, mmodzi wa achikulire aja anachoka mu timu mu Disembala 2018, sizoni isanafike n'pakati pomwe. Motero mtolo wonse wa msinthowo unagwera mnyamata wa zaka 21. Akataya puck, ochemerera ankaona munthu amene anabwera m'malo mwa ngwazi yawo.

M'sizoni ya 2018-19 anasewera masewero 65 m'mbali, nthawi zambiri m'mizere yam'munsi, n'kumwetsa zigoli 7. Chakumapeto kwa sizoni ndi pamene anamutsitsira ku Rochester, timu yaing'ono ya Buffalo ya mu ligi ya AHL, ndipo kumeneko anayamba kugoletsa nthawi yomweyo. Maganizo anga ndi akuti akanamutsitsa miyezi inayi m'mbuyomo. Mwana wa zaka 21 amene luso lake lili m'manja saphunzira kanthu pokhala pa benchi ya ligi yaikulu n'kumalowa mwa apo ndi apo. Amafunika puck, yambiri, tsiku ndi tsiku.

Sizoni ya 2019-20 anaiyambira ku Rochester komweko, ndipo anapeza mapointi 12 m'masewero 16. Mu Novembala 2019 anamuitananso ku Buffalo. Pa masewero ake oyamba, ku Chicago, anavulala phewa, anachitidwa opaleshoni, sizoni n'kuthera pomwepo. Mliri wa Covid-19 unachedwetsa sizoni yotsatira mpaka Januwale 2021, choncho anakhala pafupifupi miyezi 14 osasewera masewero a ligi. Pakati pa nthawi imeneyi anasaina kontirakiti ya zaka zitatu ya madola 1.4 miliyoni pachaka, yomwe mu NHL ndi malipiro a munthu wa mizere yam'munsi. Ndi mmene timu inkamuonera. Anabwerera thupi litakhwima kuposa kale, koma kumayambiriro kwa 2021 nthawi zambiri ankasiyidwa kunja ali bwinobwino. Timu inasewera masewero 18 otsatizana osapambana, ndipo pakati pa masewero amenewa, pa 17 Malichi 2021, mphunzitsi wamkulu anachotsedwa. Amene anatenga udindowo anali wachiwiri wake, yemwe uja wa ku Michigan. Anayamba kumuseweretsa mosadukiza, ndipo zambiri mwa zigoli 8 za sizoni imeneyo zinabwera atasintha mphunzitsi.

Zimene makanema akuonetsa

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ziwerengero zokha zimangoti wosewerayu ankalephera, osanena kuti ankalepherera pati.

Wam'mbali, timu yake ikalanda puck kumbuyo, amaima pafupi ndi khoma kudikira pasi. Amailandira ali chiimire kapena akuyenda pang'onopang'ono, khoma lili mbali imodzi, wotchinga wa adani akumubwerera mbali inayo. Ali ndi mphindi yochepa kwambiri komanso danga la mita imodzi kapena awiri. Munthu wamfupi, wojintcha, wa ndodo yaifupi, amatembenuka m'kadanga kameneko n'kutuluka. Munthu wa masentimita 198 ali ndi miyendo yaitali imene imafuna mapazi atatu kapena anayi kuti igwire liwiro, ndi ndodo yaitali imene khoma limaipinga. Mdani wamfupi amalowa kunsi kwake, m'chiuno, n'kumukweza, mphamvu za mikono yaitali ija n'kukhala zopanda ntchito. M'makanema a 2018-19 chithunzichi chimabwera mobwerezabwereza: puck yafika, iye waweramira pansi kuifuna pakati pa mapazi ake, mdani wamufika kale.

Akapulumuka pamenepo n'kuyamba kuthamanga, pankabuka vuto lachiwiri. Mwachibadwa iye ndi wochenjeretsa. Amakonda kukokera puck kumapazi kwake ndi nsonga ya ndodo, kupusitsa wotchinga, kenako n'kuwomba kuchokera pamene goloboyi samayembekezera. Kaseweredwe kameneka kamalephera kawirikawiri kuposa mmene kamathekera, ngakhale kwa akatswiri. Wa mzere woyamba akataya puck motero, amalowanso pakapita mphindi ziwiri n'kuyesanso. Wa mzere wachinayi akataya, amakhala pa benchi mpaka gawo limenelo la masewero lithe. Mnyamatayu anaphunzira phunziro limene benchi imaphunzitsa: anayamba kuwomba msanga, ali kutali, pa ngodya yopapatiza ya kukhoma, pongofuna kuti puck ichoke pa ndodo yake isanamubweretsere mlandu. Pa masizoni amenewo, pa mashoti 100 aliwonse zigoli sizinkafika 10. Woona chiwerengero chokhacho anganene kuti shoti yake inali wamba. Shoti inali yomwe ija ya ku Connecticut, koma inkachokera malo oipa, mwamantha.

Pansi pa zonsezi panali chinthu chimodzi. Aphunzitsi anayang'ana thupi lake n'kumupatsa ntchito yoyenera thupilo: kulimbana kukhoma, kugunda, kuima pamaso pa goloboyi. Aphunzitsi a mpira wa miyendo akuchidziwa chizolowezi chimenechi, choti mwana wamtali akangofika pa bwalo amatumizidwa kumbuyo kukamenya mipira ya mutu, wina asanaone n'komwe zimene mapazi ake amatha. Wosewerayu anali ndi msinkhu wa munthu wogunda, koma manja ndi maso a munthu wochenjeretsa. Ankayesedwa pa ntchito imene sinali yake, ndipo ankailepheradi.

Chisankho cha 2021 ndi mtengo wake

M'chilimwe cha 2021 Buffalo inapezeka ilibe apakati odalirika. Kaputeni wake, amene anali wapakati wa mzere woyamba, anali ndi vuto la khosi komanso sankamvana ndi timu pa za chithandizo chake, ndipo mu Novembala anatumizidwa ku Vegas. Katswiri wina amene anagwirizira malo apakati sizoni yapitayo anapita ku Florida mu Julayi. Pa masewero okonzekera sizoni, mphunzitsi anaika wosewera wathu pakati. Wachinyamata wina amene ankayembekezeka kutsogolera mzere woyamba anavulala pa masewero otsegulira, ndipo malowo anatsala a iye.

Mphunzitsiyu sankaombeza. Anamudziwa mnyamatayu ali ndi zaka 17, asanaumbidwe kukhala wam'mbali wa mzere wachinayi, ndipo anakumbukira zimene ena sanazionepo. Wapakati, timu ikalanda puck, amatsikira kumbuyo pafupi ndi otchinga ake, n'kukhota mozungulira, ndipo amalandira pasi ali kale paliwiro, nkhope ikuyang'ana kutsogolo. Khoma lili kutali. Angapite kumanja, angapite kumanzere. Miyendo yaitali ija yapeza kale mapazi ake anayi, ndipo ndodo yaitali imene inkapingidwa ndi khoma tsopano ikusunga puck kutali ndi mdani, kumene ndodo yaifupi singafike. Akalowa m'dera la adani amalowera pakati, moyang'anana ndi golo, kumene zigoli zambiri za hockey zimachokera. Danga limene kale ankalipeza pa power play pokha anayamba kulipeza osewera ali okwana.

Chisankhochi chinali ndi mtengo, ndipo mtengowo unaoneka poyera. Wapakati ndi amene amalimbirana puck woyimbira akaiponya poyambitsa masewero, zimene amazitcha faceoff, ndipo pamenepa munthu wamtali amavutika kutsika pansi mokwanira. Iye ankaluza zambiri kuposa zimene ankapambana. Wapakati alinso ndi udindo waukulu wothandiza otchinga kumbuyo, ndipo iye ankasochera nthawi zina, n'kusiya mdani yekha pamaso pa golo. Kutaya puck poyesa kuchenjeretsa sikunathe. Chimene chinasintha n'chakuti akalakwitsa ankalowanso pa nthawi yake. Kwa ine pamenepa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira, kuposa kusuntha kwa malo kwenikweniko. Mphunzitsi anadziwiratu zimene adzataye, anavomera kuzitaya, ndipo sanabweze mawu ake patapita masewero asanu oipa. Ambiri a ife timayesa wosewera pa malo atsopano kwa theka la masewero, akalakwitsa kawiri n'kunena kuti tayesa, sizinatheke. Kumeneko si kuyesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa mphunzitsi kumaoneka pa mphindi zimene akupereka wosewera atangolakwitsa.

Panali zinanso ziwiri zimene zinathandiza. Pa power play anamuika kumanzere kwa golo. Munthu wowombera kumanja akaima pamenepo, ndodo yake imayang'ana pakati pa bwalo, ndipo pasi ikabwera amaimenya osaiimitsa, goloboyi asanamalize kusuntha. Chachiwiri, anamupatsa anzake enieni a mzere woyamba: katswiri wina wam'mbali amene naye anali atazilala, yemwe anachoka pa zigoli 7 kufika pa 33 sizoni yomweyo, ndi wam'mbali wamphamvu amene anabwera kuchokera ku Vegas posinthana ndi kaputeni uja. Wachiwiriyu ankagwira bwino ntchito ya kukhoma imene wosewera wathu ankaumirizidwa kale.

Tisaiwale kuti Buffalo ya 2021-22 inali timu yomanganso, imene palibe ankayembekezera kuti ifika patali. Kuluza faceoff sikunkachotsetsa munthu ntchito. St. Louis ya 2018, imene inkasaka chikho, sikanapereka malo apakati a mzere woyamba kwa mnyamata woti aziphunzirirapo. Danga la ku Buffalo linatseguka chifukwa cha kuvulala ndi kuchoka kwa anthu, ndipo wosewerayu anachita mwayi kuti pa nthawiyo panali mphunzitsi womudziwa. Ife sitiyenera kudikira ngozi yotere. Amene ali ndi timu yachiwiri, kapena masewero opimana mphamvu, ali nawo kale malo oyeserapo wosewera kwa mwezi wathunthu popanda kutaya mapointi a ligi.

Kontirakiti

Sizoni inatha ali ndi zigoli 38 ndi mapointi 68. Akuluakulu a timu anakumana ndi funso lovuta: kodi munthu weniweni ndi wa masewero 145 aja kapena wa 78 awa? Okayika anali ndi mfundo. Anagoletsa pafupifupi 15 pa mashoti 100 aliwonse, pomwe ligi yonse imakhala cha m'ma 10, ndipo osewera ambiri amene amalumpha chotero m'sizoni imodzi amabwerera pansi chaka chotsatira. Kontirakiti yake inali itatsala ndi chaka, choncho timu ikanatha kudikira kuti ione.

Sinadikire. Pa 30 Ogasiti 2022 anasaina kontirakiti ya zaka 7 ya madola 50 miliyoni. Ndikuona kuti anawerenga bwino. Kulumpha kwa mwayi kumadziwika chifukwa wosewera amawomba mashoti omwewo, kuchokera malo omwewo, zigoli zokha n'kuchuluka. Kwa uyu zonse zinasintha pamodzi: mashoti anafika cha m'ma 250, malo owombera anasunthira pakati, mphindi zinachuluka, anzake osewera nawo anasintha. Chotsatira chikasintha ndipo chifukwa chake chikuoneka ndi maso, palibe chodikirira. Akanadikira chaka china, mtengo ukanakwera kwambiri.

Zimene zinatsatira

M'sizoni ya 2022-23 anamwetsa zigoli 47 ndi kupeza mapointi 94 m'masewero 78. Pa 7 Disembala 2022, ku Columbus, anamwetsa zigoli zisanu m'masewero amodzi, zinayi m'gawo loyamba lokha. Buffalo inaperewera pointi imodzi kuti ilowe m'masewero a chipulula. Mu Novembala 2023 anavulala dzanja potchinga shoti pa masewero a Boston, anakhala kunja masabata angapo, ndipo atabwerera shoti yake inatenga nthawi kuti ibwerere mwakale. Sizoni imeneyo anatsika kufika pa zigoli 29 m'masewero 71. Mu Epulo 2024 mphunzitsi amene anamuika pakati uja anachotsedwa ntchito chifukwa timu inalepheranso kulowa m'chipulula.

Sizoni ya 2024-25 ndi imene imandichititsa kukana kufotokoza kwachidule kuja. Mphunzitsi watsopano anamubwezera m'mbali kwa gawo lina la sizoni, ndipo anamaliza ndi zigoli 44 m'masewero 76. Kukanakhala kuti mankhwala anali dzina la malo, akanazilalanso. Sanazilale, chifukwa kum'mbali kwa 2025 sikunali kum'mbali kwa 2019. Tsopano anali wa mzere woyamba, anzake ankamufunafuna ndi pasi, palibe ankamuuza kuti aime kukhoma, ndipo anali womasuka kukhotera pakati nthawi iliyonse. Zaka zitatu za kunyamula puck pakati pa bwalo zinamuphunzitsa kutchinjiriza puck ndi chiuno ndi msana, zimene sankazitha ali ndi zaka 21. Kumuchotsera faceoff ndi udindo wakumbuyo kunangomupepukitsa. Malo apakati anali sukulu imene anaphunziriramo kugwiritsa ntchito thupi lake, ndipo atamaliza anatha kusewera kulikonse.

Choncho pamene wosewera waluso akulephera, ndisanafunse kuti ndimusunthire kuti, ndimalemba zinthu izi kuchokera m'makanema: akulandirira pati, nkhope yake ikuyang'ana kuti polandira, ali chiimire kapena ali paliwiro, ndipo chimamuchitikira n'chiyani akangolakwitsa. Funso lomalizali silikhudza wosewera, likukhudza ife a pa benchi. Mayankho ake akasonyeza kuti akulandira ataima, atapanikizika, ndipo kulakwitsa kumodzi kukumukhazika pansi, ndiye kuti luso lake sitinaliyezebe.

Pa 25 Meyi 2025, ku Stockholm, anamwetsa chigoli chokhacho cha masewero omaliza a mpikisano wa dziko lonse, m'nthawi yowonjezera, United States n'kugonjetsa Switzerland 1-0. Kupatula mu 1960, pamene unachitikira pamodzi ndi masewero a Olympics, United States inali isanapambane mpikisano umenewu chiyambire 1933. Buffalo yokha inamaliza sizoni ya 2024-25 ili kunja kwa chipulula kachi 14 motsatizana, kutalika kumene sikunaonekepo mu NHL. Kontirakiti yake ndi timuyi ikutha mu 2030.